Phewa likamayambiranso kupweteka nthawi iliyonse mukabwerera ku zitsulo

Vutoli limabwera motere. Mwakhala mukunyamula zitsulo miyezi ingapo, nganga yayamba kutuluka, malaya ayamba kuthina m'mikono. Tsiku lina muli chagada pabenchi, chitsulo chikutsikira pachifuwa, mukumva kulasa paphewa. Mulimba mtima n'kumaliza seti. Usiku mukagonera mbali imeneyo tulo osabwera, m'mawa kuvala malaya kapena kutenga chinthu pamwamba pa kabati kukhala ntchito. Mupuma milungu iwiri, mupaka mankhwala otentha aja, mumwa mapiritsi, ululu n'kuzilala. Mubwerera ku jimu, muika zitsulo zomwe munasiyira zija, ndipo sabata isanathe phewa layambiranso.

Ine ndinakhala m'vuto limeneli nthawi yaitali, pa kajimu ka kuseri kwa nyumba komwe tinkanyamula simenti youmbira m'zitini ndi magiya akale a galimoto. Chomwe ndinachedwa kumvetsa n'chakuti kupuma kumazimitsa ululu koma sikulimbitsa chomwe chinafooka. Mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa womwe unalephera makilogalamu 70 mwezi watha sungawakwanitse lero chifukwa chakuti mwaukhazika pansi milungu iwiri. Ukamabwerera umakhala utafookerako. Kuti vutoli lithe muyenera kudziwa kuti ndi mnofu uti ukugwira ntchito yanji pamene mukukankha, ndi uti ukutsalira m'mbuyo.

Yambani mwaona ngati si nkhani ya kuchipatala lero lomwe

Zina si zokonza nokha. Ngati munamva kuduka chitsulo chili pansi penipeni, kenako m'khwapa ndi kumtunda kwa mkono mwada ndi magazi oundana, mbali imodzi ya chifuwa n'kuoneka yophwa, n'kutheka kuti mnofu waukulu wa pachifuwa wazuka pa fupa. Umenewo umasokedwa bwino m'milungu yoyambirira. Mukachedwa umakhwinyata, ndipo kuubwezera pamalo pake kumavuta. Pitaninso mwamsanga ngati phewa laguluka, ngati mkono ukukaniratu kukwera mutagwa, kapena ngati phewa latupa, lafunda, thupi lonse likutentha. Ndipo ululu wa phewa, makamaka lakumanzere, wobwera pamodzi ndi kuthina pachifuwa, befu, thukuta lozizira kapena kuwawa kwa nsagwada ungakhale ukuchokera ku mtima. Pamenepo siyani chilichonse.

Ngati palibe chimodzi mwa izi, tiyeni tilione phewalo.

Mtsuko pa nkhata

Fupa la ntchafu limalowa m'chiuno ngati munsi mumtondo: dzenje ndi lakuya, lakhazikika lokha. Phewa silinapangidwe choncho. Mutu wa fupa la mkono ndi waukulu, wobulungira, koma kambale komwe umakhalapo n'kakang'ono ndi kosazama, moti nthawi iliyonse gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi a mutuwo ndi lomwe limakhudza kambaleko. M'mphepete mwa kambale muli mkombero wolimba wotchedwa labrum, umene umakazamitsako pang'ono. Zili ngati mtsuko pa nkhata. Nkhata imathandiza, koma chomwe chimasunga mtsuko pamutu ndi khosi la wosenza, lomwe limawongola pang'onopang'ono pa phazi lililonse. N'chifukwa chake mkono umafika kumwamba, kumsana, kutsogolo, kulikonse. N'chifukwa chakenso umadalira minofu kwambiri kuposa mfundo ina iliyonse ya thupi.

Minofu yake ili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi lomwe timaliona pagalasi. Deltoid ndi uja wophimba phewa ngati chipewa, ndipo ali ndi zigawo zitatu: chakutsogolo chimakweza mkono kutsogolo ndipo chimagwira ntchito pa benchi ndi pa mapushapu aliwonse, chapakati chimaukweza cham'mbali, chakumbuyo chimaukokera kumsana. Palinso mnofu waukulu wa pachifuwa ndi mapiko a kumsana aja otchedwa latissimus. Awa ndi oyendetsa katundu.

Gulu lachiwiri silioneka. Ndi timinofu tinayi tochokera pa fupa lathyathyathya la kuseri kwa phewa, lotchedwa scapula, tomwe mitsempha yake imakuta mutu wa fupa la mkono ngati zala zogwira lalanje. Onse pamodzi amatchedwa rotator cuff. Supraspinatus amadutsa pamwamba, infraspinatus ndi teres minor ali kumbuyo ndipo amapotoza mkono kuti uyang'ane kunja, subscapularis ali kutsogolo ndipo amaupotozera mkati. Ntchito yawo yaikulu si kunyamula ayi, koma kukanikiza mutu wa fupa pakati pa kambale pamene akuluakulu aja akukoka.

Taganizani za mkono uli lende m'mbali mwa thupi. Deltoid akakoka, mphamvu yake yambiri imalunjika kumwamba, ndipo pakanapanda china chilichonse akanangokweza fupa lonse kukaligunditsa ku denga la phewa, kafupa kotchedwa acromion. Amene amaletsa zimenezo ndi rotator cuff, pokokera mutuwo mkati ndi pansi kuti mkono uzungulire m'malo motsetsereka. Pakati pa mutu wa fupa ndi dengalo pali mpata wa pafupifupi sentimita imodzi, ndipo mu mpata umenewo mumadutsa mtsempha wa supraspinatus pamodzi ndi kathumba ka madzi kochepetsa kukhulana. Timinofuti tikatopa msanga kuposa deltoid, monga zimachitikira kumapeto kwa seti yolemera, mtsuko umayamba kugwedera pa nkhata.

Pali chinanso chomwe ambiri sitichiganizira. Kambale kaja kali pa scapula, ndipo scapula yeniyeniyo imayandama pa nthiti. Fupa lokhalo loilumikiza ku thupi ndi lija lochokera pansi pa khosi kupita paphewa. Zotsala zonse ndi minofu: trapezius wa kumtunda kwa msana, ma rhomboid a pakati pa mapewa, ndi serratus anterior wa m'nthiti, pansi pa khwapa. Mu 1944 Verne Inman ndi anzake ku California anayeza kayendedwe kameneka n'kupeza kuti pa madigiri atatu aliwonse omwe mkono umakwera, awiri amachokera pa mfundo ya phewa, imodzi imachokera pa kuzungulira kwa scapula. Ndiye kuti pa madigiri 180 a mkono woloza kumwamba, pafupifupi 60 ndi a scapula. Yesani pompano: khalani mowerama, msana utapindika, mukweze mkono. Kenako wongokani mukwezenso. Kusiyana komwe mwamvako ndi scapula yomwe yapeza njira.

Gwero la kubwerezabwereza lili pa liwiro lomwe minofu ndi mitsempha zimalimbira. M'milungu yoyamba ya zitsulo mphamvu imakwera msanga chifukwa ubongo ukuphunzira kulamula minofu, kenako minofu ikuluikulu imakula. Mitsempha yolumikiza mnofu ku fupa ili ndi magazi ochepa ndipo imafuna miyezi kuti ilimbe. Chifuwa chimatha kukankha katundu amene mtsempha sunakonzekere kumulandira.

Pakupwetekapo ndi pati?

Funso limeneli limathandiza kwambiri kuposa lakuti "ndi ululu wotani". Lozani ndi chala.

Ngati simungaloze ndi chala chimodzi, mukungophimba ndi chikhatho cham'mbali mwa mkono, pomwe amabaya katemera, kawirikawiri ndi rotator cuff. Chizindikiro china ndi ichi: kwezani mkono cham'mbali pang'onopang'ono. Poyamba bwinobwino, ukafika chapakati, kuyambira madigiri 60 mpaka 120, ululu uyamba, ukapitirira kumwamba ululu uchepa. Usiku umavuta kugonera. Uwu ndiwo mtundu wofala kwambiri, ndipo pali nkhani yake yofunika kuidziwa musanaope. Mu 1972 dokotala wa ku New York, Charles Neer, anafotokoza kuti ululu umenewu umabwera chifukwa mtsempha ukupanidwa ndi acromion, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankapala fupalo kuti mpata ukule. Mu 2018 kafukufuku awiri akuluakulu, wina wa ku Britain wina wa ku Finland, anayerekeza odwala opalidwa fupa ndi ena omwe anangolowetsedwa kamera m'phewa osapalidwa kanthu. Magulu awiriwo anachira mofanana. Phunziro lake kwa ife onyamula zitsulo n'lakuti nthawi zambiri fupa lanu silinalakwe. Mtsempha walandira katundu woposa mphamvu zake, ndipo mankhwala ake ndi kuupatsa katundu woyenera mpaka ulimbe.

Ngati mukuloza ndi chala chimodzi pamwamba penipeni pa phewa, pa kachotupa komwe fupa lochokera pakhosi limakumana ndi acromion, imeneyo ndi mfundo ina, yaing'ono. Imapweteka mukapingasa mkono pachifuwa kukagwira phewa linalo, komanso chitsulo chikatsikira pachifuwa muli pabenchi, ndi pa ma dips, sewero lotsika ndi kukwera ndi mikono mutagwira zitsulo ziwiri m'mbali mwa thupi. Kamfundo kameneka n'kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, koma kamasenza zambiri pamene zigongono zatsika kupitirira msana. Mu 1982 Bernard Cahill analemba za amuna 46 omwe nsonga ya fupalo inali itayamba kudyeka popanda ngozi ina iliyonse, ndipo 45 mwa iwo ankanyamula zitsulo. Apa musalimbane nazo. Siyani ma dips kwa miyezi ingapo, fupikitsani kagwiridwe ka chitsulo, ndipo ikani thaulo lopindapinda pachifuwa kuti chitsulo chiziima masentimita angapo chisanafike pansi. Kukankha mutagona pansi, pamkeka, kumathandizanso chifukwa nthaka imaimitsa zigongono.

Ngati ndi kutsogolo, mu kangalande komwe mukakanikiza ndi chala mumamva kamtsempha kakugudubuzika, nthawi zambiri ndi mtsempha wautali wa biceps (mnofu wa kutsogolo kwa mkono), womwe umakwera mu ngalandeyo kukamatirira pamwamba pa kambale. Umavutika pamene phewa lagubuduzikira kutsogolo pansi pa dip, pa pushapu yozama kwambiri, kapena pa benchi pamene mapewa achoka pa thabwa. Pemphani mnzanu akujambuleni ndi foni cham'mbali. Mukaona nsonga ya phewa ikutumphukira kutsogolo pamene mukufika pansi, mwapitirira pomwe phewa lanu limatha kulamula. Imani pamwamba pa pamenepo.

Ngati chomwe mukumva si ululu kwenikweni koma mantha, ngati kuti mkono ufuna kutuluka, makamaka uli m'mwamba ndi cham'mbuyo monga woponya mwala, samalani. Mapewa ambiri oguluka amagulukira kutsogolo, ndipo kaimidwe komwe kamawatulutsa n'komweko. Kutsitsira chitsulo kunkhongo, kaya mukukankha kaya mukukoka, kumaika phewa pamalo omwewo lili ndi katundu. Amene phewa lake linagulukapo asiyiretu. Enanso sataya kanthu posiya, chifukwa kutsitsira kutsogolo kwa nkhope kumagwiritsa ntchito minofu yomweyo.

Kulira kwa "gwede" kapena "tcheke" kopanda ululu si vuto, pitirizani.

Ululu wotsika kupitirira chigongono, dzanzi m'zala, kapena ululu wosintha mukatembenuza khosi, zimenezo n'za khosi, ndipo masewera a phewa sadzazithetsa. Ndipo ngati phewa lauma moti ngakhale mnzanu ataukweza mkonowo inu mutaulekerera sukupita, makamaka poupotozera kunja, n'kutheka kuti chikuta cha mfundo chalimba, vuto lotchedwa frozen shoulder. Limakonda anthu a zaka 40 mpaka 60 ndipo limapezeka kwambiri mwa odwala shuga. Ngati simunayezetsepo shuga, kayezetseni.

Pa benchi ndi pamwamba pa mutu, scapula imafuna zosiyana

Apa ndi pomwe malangizo a ku jimu amasokoneza anthu. Wina amva kuti "kokera mapewa kumbuyo ndi pansi" n'kumachita zimenezo pa sewero lililonse. Langizoli ndi la pa benchi pokha.

Pa benchi msana wapanikizika pa thabwa, scapula singayende momasuka, choncho ntchito yake ndi kukhala maziko. Musanachotse chitsulo, finyani mapewa kumbuyo ngati mukufuna kupana cholembera pakati pawo, muwatsitsire cha m'chiuno, ndipo akhale choncho mpaka seti ithe. Manja asatalikirane kuposa kamodzi ndi theka ka m'lifupi mwa mapewa anu. Zigongono zisatambasuke kufika pa mzere wa mapewa ngati mtanda. Zitsikeko, zikhale chapakati pa nthiti ndi mzere umenewo, ndipo chitsulo chifikire kumunsi kwa chifuwa, osati pafupi ndi khosi. Chitsitseni mochilamula, osachidumphitsa pachifuwa. Ndi pansi pomwepo, mnofu uli chikokekere, pomwe minofu ya pachifuwa imazukira.

Pokankha pamwamba pa mutu zinthu zimatembenuka. Scapula iyenera kuzungulira kukwera kuti kambale kayang'ane kumwamba ndipo denga lija lichoke panjira. Mukaikanikiza pansi mwadala, mukuumiriza mfundo ya phewa kuti ipeze yokha madigiri 60 aja. Lolani mapewa akwere pamapeto, mikono ifike pafupi ndi makutu. Zigongono zikhale patsogolo pang'ono, osati m'mbali penipeni, chifukwa scapula imakhala mopendekera kutsogolo pafupifupi madigiri 30 ndipo mkono umayenda bwino ukatsata mzere umenewo. Ngati mkono sufika pa khutu popanda kupinda chiuno, musaumirire. Tsamizani nsonga imodzi ya ndodo yachitsulo pakona ya chipupa, mugwire inayo n'kukankha chopendekera kumwamba. Phewa limagwira ntchito bwino lomwe popanda kufika pomwe silinakonzeke.

Pa mapushapu namonso scapula izikhala yomasuka: mapewa ayandikane mukamatsika, atalikirane mukamakwera. N'chifukwa chake mapushapu nthawi zambiri sapweteka ngakhale benchi ikupweteka, ndipo ndi poyambira pabwino pobwerera.

Pokweza madambelo cham'mbali, ambiri anaphunzitsidwa kupendeketsa dzanja ngati akuthira madzi m'kapu, chala chachikulu kuloza pansi. Kwa phewa lomwe likudandaula kale, zimenezo zimaonjeza moto. Chala chachikulu chiloze kutsogolo kapena m'mwamba pang'ono, mikono ipite patsogolo pang'ono, ndipo chepetsani kulemera. Seweroli limaika katundu kutali ndi mfundo, moti makilogalamu 5 ku dzanja ndi ambiri kuposa momwe amaonekera.

Mawu awiri kwa ife a zitsulo zopanga tokha. Zitini ziwiri za simenti sizilemera mofanana kawirikawiri, ngakhale zitaoneka zofanana. Zitengereni pa sikelo ya ogula chimanga muziyeze. Ngati mbali imodzi ikuposa inzake ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri, phewa limodzi lakhala likusenza zambiri miyezi yonseyi. Lembani kulemera kwake ndi penti, ndipo ikani chizindikiro pakati pa ndodo kuti manja azigwira motalikira mofanana. Benchi ya thabwa lopapatiza kwambiri nayo imasiya mapewa lende, opanda potsamira. Thabwa la masentimita pafupifupi 30 m'lifupi ndi labwino.

Milungu 12 yokonza

Lamulo loyendetsa zonse ndi ili. Yezani ululu kuyambira 0 mpaka 10. Pochita masewera, ululu wofika 3 kapena 4 ndi wololedwa, bola usamakwere seti ndi seti, ndipo pofika mawa nthawi yomweyo ukhale utabwerera pomwe unali. Ukapitirira maola 24, kapena usiku wavuta kuposa kale, katundu anachuluka. Bwererani sitepe imodzi, osati kusiya zonse.

M'milungu iwiri yoyamba chotsani sewero lomwe limalasa, koma miyendo, msana ndi zokoka zipitirire. Imani pambali pa chitseko, chigongono chili pa nthiti chitapindika, kumbuyo kwa dzanja kutatsamira pa felemu. Kankhirani kunja osasuntha, ndi mphamvu pafupifupi theka, kwa masekondi 30. Chitani kasanu, tsiku lililonse. Ambiri amapeza kuti zimenezi zimaziziritsa ululu, ndipo mtsempha umayamba kulandira katundu popanda kukhulana.

Kenako bwerani pa masewera oyenda, katatu pa sabata, maseti atatu a maulendo 12 mpaka 15. Simufuna zida zodula. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo legeni la chubu cha njinga limagwira ntchito ya lastiki ya ku jimu.

Gonani chammbali, phewa lopwetekalo lili pamwamba, kathaulo kopinda pakati pa chigongono ndi nthiti. Gwirani botolo la lita imodzi, mulikweze kuchoka pamimba kuloza kudenga chigongono chisanachoke pamalo, mulitsitse powerenga mpaka 3. Musadabwe ngati munthu wokankha makilogalamu 80 pabenchi akunjenjemera ndi malita awiri. Kusiyana kumeneko ndiko vuto lomwe tikukonza. Mangani legeni pa chitsulo cha windo, pa msinkhu wa nkhope, mulikokere kumaso zigongono zili m'mwamba, manja akathere pafupi ndi makutu. Limeneli limalimbitsa kumbuyo kwa deltoid, infraspinatus ndi trapezius wapakati nthawi imodzi, ndipo ndikanati ndisankhe sewero limodzi lokha la moyo wonse, ndikanasankha ili. Kwa serratus, chitani pushapu, ndipo mukafika pamwamba pitirizani kukankha pansi mpaka msana wa pakati pa mapewa utukumuke. Yambirani pa chipupa kapena pa tebulo ngati pansi pakupweteka. Pomaliza kwezani mabotolo awiri chopendekera kutsogolo, zala zazikulu kumwamba, kufika pomwe ululu ukulola. Sabata ndi sabata malirewo azikwera.

Maulendo 15 akayamba kupepuka, onjezani madzi kapena mchenga m'botolo, kapena pindani legeni pawiri. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amakhala ndi kalastiki kofewa komweko miyezi itatu. Rotator cuff ndi mnofu ngati ina yonse, sulimba popanda katundu wokwera.

Kubwerera ku benchi kuyambe pa sabata yachitatu kapena yachinayi, ngati mapushapu 15 sakupweteka. Yambani ndi theka la zomwe munkanyamula, maulendo 8 mpaka 10, kutsitsa powerenga mpaka 3. Madambelo, zikhatho zitayang'anizana, amakhala ofatsa kuposa ndodo. Onjezani pang'ono, monga makilogalamu awiri ndi theka pa sabata, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi: kulemera, kapena maseti, kapena kuzama, osati zonse pamodzi. Ndikudziwa kuwawa kwa kunyamula theka anzanu akuona. Koma milungu 12 ya dongosolo ndi yochepa poyerekeza ndi chaka chomangoyamba ndi kusiya.

Zomwe zimalibweretsanso

Phewa likachira n'kuyambiranso, tsegulani kope lanu muwerenge maseti a sabata yonse. Lolemba chifuwa, Lachiwiri mapewa, Lachitatu ma triceps (minofu ya kumbuyo kwa mkono) ndi ma dips, Lachisanu chifuwa kachiwiri: pa dzina ndi masiku a minofu yosiyana, koma kwa chigawo chakutsogolo cha deltoid ndi rotator cuff ndi masiku anayi a ntchito imodzi. Ikani masewera onse okankha pa masiku awiri otalikirana, ndipo maseti okoka akhale ofanana ndi okankha kapena kuposerapo.

Werengeraninso ntchito ya kunja kwa jimu. Mtsempha sudziwa kusiyana kwa dambelo ndi khasu. Sabata youmba njerwa, yopaka penti kudenga, yokweza matumba m'galimoto kapena yolima ndi sabata ya katundu wochuluka kale, ndipo benchi iyenera kupepuka. Kusowa tulo ndi fodya zimachedwetsanso kuchira kwa mitsempha. Pogona, gonerani mbali yabwinoyo mutakumbatira pilo kuti mkono wopwetekawo usalendewere pachifuwa.

Za mankhwala ndilankhule mosabisa. Kumwa ibuprofen kapena diclofenac musanapite ku jimu kuti musamve ululu n'kutseka pakamwa mlonda yemwe akukuchenjezani, ndipo kumwa mapiritsi amenewa milungu yambiri kumawononga m'mimba ndi impso. Jakisoni wa cortisone wa kuchipatala amachepetsa ululu kwa milungu ingapo, zomwe zingakuthandizeni kugona ndi kuyamba masewera, koma salimbitsa mtsempha. Ngati mwapatsidwa ciprofloxacin chifukwa cha matenda ena, dziwani kuti mankhwala a gulu limeneli amadziwika kuti amatha kufooketsa mitsempha. Imwani monga anakuuzirani, koma pepukitsani zitsulo, ndipo mukamva mtsempha ukupweteka siyani kumwa n'kukauza msanga amene anakulemberani. Ndipo majakisoni ndi mapiritsi okulitsa thupi, omwe amagulitsidwa mobisa m'majimu ena, amakulitsa kusiyana kwa liwiro komwe ndafotokoza kuja: mnofu umathamanga, mtsempha n'kutsala, mpaka kuduka.

Ngati milungu 12 yatha popanda kusintha

Ngati mwatsata dongosolo mokhulupirika ndipo palibe chasintha, kapena mkono ukunka nufooka, kapena ululu wa usiku sukusintha ngakhale mutagona bwanji, mufunika wina aligwire phewalo. Ku Malawi, zipatala za maboma zili ndi ma clinical officer a za mafupa omwe angakuoneni ndi kukutumizani patsogolo. Madipatimenti a physiotherapy alipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba Central ndi ku Mzuzu Central, ndipo nkhani za opaleshoni ya mafupa zimaonedwanso ku Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery.

Dziwiranitu kuti X-ray imaonetsa mafupa okha. Ingaonetse nsonga yodyeka ya fupa lochokera pakhosi lija, koma mtsempha suoneka, choncho akakuuzani kuti chithunzi chili bwino sizitanthauza kuti mukunama. Mitsempha imaoneka pa ultrasound kapena MRI. Komanso sikani ikaonetsa kung'ambika pang'ono musataye mtima, chifukwa anthu ambiri, makamaka opitirira zaka 50, ali ndi zoterezi m'mapewa omwe sapweteka n'komwe. Wokuonaniyo adzafuna kugwirizanitsa chithunzi ndi zomwe mkono ukuchita. Muthandizeni: tengani kope lanu la maseti, kavidiyo kaja ka pafoni, mayina a mankhwala onse omwe mwamwa kapena kubayitsa, ndipo mumuonetse ndi chala pomwe pakupweteka ndi msinkhu womwe mkono umafika ululu ukamayamba.